Kodi nyimbo zasukulukadi?

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yojambula ndi kusakaniza nyimbo mu situdiyo, funso lawo limakhala limodzi: bwanji nyimbo za masiku ano sizikoma ngati zakale? Ambiri amafunsa yankho ali nalo kale, loti ana amakono alibe luso. Pamenepo ine ndimakana. Koma makutu awo sakuwanamiza ayi, chilipo chimene chasintha.

Tiyambe ndi phokoso. Nyimbo yoimbidwa ndi anthu imakhala ndi potsika ndi pokwera, woimba amanong'ona kenako n'kukuwa. Mu situdiyo tili ndi zida zotchedwa compressor ndi limiter, zimene zimapsinja malo okwerawo kuti nyimbo yonse ithe kukwezedwa. Pa mbale za galamafoni panali malire, chifukwa ukakweza mopyola singano inkalumpha. CD itabwera mu 1982 mantha a singano anatha, ndipo m'zaka za m'ma 1990 makampani anayamba kulimbirana kuti nyimbo yawo imveke mokweza kuposa ya mnzawo. Mukatsegula nyimbo ya m'ma 1970 pa kompyuta, chithunzi cha mawu ake chimakhala ndi nsonga ndi zigwa. Nyimbo zambiri za m'ma 2000 zimangooneka mzere umodzi wonenepa, wodzaza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ng'oma imene imayenera kukudzidzimutsani imangomveka chimodzimodzi ndi zina zonse, ndipo zikatha nyimbo zingapo khutu limatopa, mwini wake osadziwa chalitopetsa. Mu 2008 okonda gulu la Metallica anadandaula poyera chifukwa chimbale cha chaka chimenecho chinapsinjidwa mpaka mawu kumasweka. Lero Spotify ndi YouTube amatsitsa okha nyimbo zokwera kwambiri kuti zifanane ndi zinzake, choncho mpikisanowo ulibenso phindu, ngakhale oimba ambiri amabwerabe n'kunena kuti "ikwezeni pang'ono".

Chachiwiri ndi ndalama. Spotify imawerenga kuti nyimbo yamvedwa munthu akaimvetsera kwa masekondi 30. Akaidumpha asanafike pamenepo, woimba sapeza kanthu. Ndiye ndani angayambe nyimbo ndi gitala wolira yekha kwa theka la mphindi? Hubert Léveillé Gauvin wa ku Ohio State University anafufuza nyimbo zotchuka za pakati pa 1986 ndi 2015, ndipo anapeza kuti nthawi imene zida zimalira woimba asanatsegule pakamwa inatsika kuchoka pa masekondi oposa 20 kufika pa masekondi ngati 5.

Komabe tisadzinamize kuti kale nyimbo sizinkamvera malonda. Mbale wamba ya galamafoni yakale (ya 78 rpm) inkangolowa mphindi ngati 3 mbali imodzi, ndipo oimba ankadula nyimbo kuti ikwanemo. Motown, kampani yojambula nyimbo ya ku America imene ambiri amaitchula akamalira zakale, anaiyambitsa ndi Berry Gordy, amene anagwirapo ntchito pa fakitale ya magalimoto ku Detroit, ndipo nyimbo ankazipanga mofananamo: olemba awoawo, oimba zida omwewo pa nyimbo zambirimbiri, ndi msonkhano wosankha yoti ituluke ndi yoti isiyidwe.

Pamene ine ndimaona kuti tataya kanthu ndi pa kukonza. Auto-Tune, pulogalamu yowongolera mawu a woimba, inatuluka mu 1997, ndipo lero pa kompyuta ndingathe kuwongola mawu amene aphonya, kapena kukokera kulira kulikonse kwa ng'oma pamalo pake penipeni. Chidacho sicholakwa, chimapulumutsa woimba amene waimba mokhudza mtima koma waterereka pa liwu limodzi. Vuto limabwera ukawongola zonse. Woimba ng'oma akamayandikira kolasi amafulumira pang'ono osadziwa, wa besi amamutsatira, woimba amakoka mpweya mwamphamvu, ndipo omvera amamva kuti kukubwera chinachake. Ukazifafaniza zimenezi nyimbo imakhala yoyera koma yozizira. Kale oimba ankajambula onse pamodzi m'chipinda chimodzi, akuyang'anana. Lero nyimbo ingathe kumalizidwa woimba ndi wopanga biti asanaonanepo. Kafukufuku wa mu 2012 wotsogoleredwa ndi Joan Serrà wa ku Spain, pa nyimbo za pakati pa 1955 ndi 2010, anapezanso kuti kamvekedwe ka nyimbo zotchuka kanayamba kufanana kwambiri.

Nanga luso? Apa ndi pamene mkanganowu umakondera. Nyimbo zakale zimene timamva lero nthawi inazipeta kale, mankhusu anauluka. Chaka chilichonse cha m'ma 1970 chinali ndi nyimbo zachabechabe zimene zinkalira pa wailesi usana ndi usiku, koma palibe amazikumbukira. Zamakono tikuzimva zosapeta, ndipo n'zambiri zedi, poti pa tsiku limodzi nyimbo zoposa 100,000 zimaikidwa pa intaneti. Kwinanso n'kwakuti nyimbo zimene munthu anamva ali mnyamata kapena mtsikana zimamatirira ku chibwenzi choyamba, ku anzake, ku thupi limene silinkatopa kuvina. Nyimbo yatsopano ilibe zonsezi pambuyo pake. Makolo a m'ma 1950 nawonso ankati rock and roll ndi phokoso lowononga ana.

Wofuna kuweruza mwachilungamo apeze mndandanda wa nyimbo 40 zotchuka za sabata imodzi ya 1975, amvetsere zonse osadumpha ngakhale imodzi, kenako achite chimodzimodzi ndi za sabata ino. Voliyumu aichune kuti zonse zimveke mofanana, chifukwa khutu limakonda kunena kuti yokwera ndiyo yokoma.