Mathithi a Angel ndi mkangano wa dzina lawo

Mu Disembala 2009, Hugo Chávez, yemwe anali mtsogoleri wa dziko la Venezuela, ananena poyera kuti mathithi a Angel a m'nkhalango yotetezedwa ya Canaima azitchedwa Kerepakupai Merú, dzina la m'chinenero cha anthu a mtundu wa Pemón, osati la Jimmie Angel, mlendo wa ku United States. Mapu ambiri akadali ndi dzina la Angel, koma mkanganowo sunazilale.

Jimmie Angel sankafuna mathithi. Anali woyendetsa ndege wosakasaka golide, golide yemweyo amene lero akukumbidwa mozemba n'kumaipitsa mitsinje ya m'derali, ndipo anangowaona ali mumlengalenga pa 16 Novembala 1933. Chimene chinakhomerera dzina lake ndi ngozi ya pa 9 Okutobala 1937, pamene anayesa kutera pamwamba pa phiri la Auyán-tepui, kumene mathithiwa amachokera, ndi ndege yake yotchedwa El Río Caroní. Matayala anatitimira m'matope, mphuno ya ndegeyo n'kuzikika pansi. Iye, mkazi wake Marie, Gustavo Heny ndi Miguel Delgado anatsika phirilo wapansi kwa masiku 11, kamba ali wochepa, mpaka anafika ku Kamarata, mudzi wa anthu a Pemón. Nkhaniyi inawanda, boma linavomereza dzina la Angel mu 1939, ndipo ndegeyo inakhalabe paphiripo mpaka 1970.

Ena amati Ernesto Sánchez La Cruz, wofufuza malo wa ku Venezuela, anaona kale mathithiwa cha m'ma 1910, ngakhale olemba mbiri ena amaganiza kuti iye anaona mathithi ena. Za eni dera zolembedwa n'zochepa, pakuti mbiri yawo inkasungidwa pakamwa. Oikira kumbuyo dzina la Angel amati anthu a Pemón ankaliopa phirilo ngati malo a mizimu ndipo sankaliyandikira. Komatu munthu saopa phiri limene salidziwa.

Mu 1949 gulu lotsogoleredwa ndi mtolankhani Ruth Robertson linayeza mathithiwa n'kupeza kuti ndi otalika mamita 979. Mpaka pano kulibe msewu wofika kumeneko. Mlendo amatera pa ndege ku Canaima, n'kukwera bwato maola angapo m'mitsinje ya Carrao ndi Churún, makamaka m'nyengo yamvula pamene madzi ali ambiri, kenako n'kuyenda m'nkhalango podumpha mizu yoterera. Oyendetsa mabwatowo, amene amadziwa pamene pabisala mwala uliwonse, ambiri ndi a Pemón.