Musathamangire kupopera chamba chanu, tembenuzani kaye tsambalo

Abale athu aku Joni amakonda kunditumizira chithunzi cha tsamba lachikasu pa WhatsApp, pansi pake funso lalifupi, "bwana ndipopere chani?" Ine ntchito yanga ndi mbewu za mu greenhouse, tomato, tsabola, maluwa, ndipo ndikuuzeni kuti chamba chikalowa m'nyumba mavuto ake ndi omwewo basi, kangaude yemweyo, nsabwe zomwezo. Kusiyana kwake ndi kumodzi koma kwakukulu, tomato mumatsuka musanadye pomwe duwa la chamba silitsukika, chimene mwapoperapo chimakathera m'mapapo a munthu.

Zamalamulo kaye pang'ono kuti tisanamizane. Ku South Africa khoti la Constitutional Court linagamula mu September 2018 kuti munthu wamkulu atha kulima chamba pamalo pake chogwiritsa ntchito yekha, ndipo mu May 2024 Cyril Ramaphosa anasayina lamulo lake, koma kugulitsa ukadali mlandu. Kwathu ku Malawi nkhani ndi ina, lamulo la 2020 limalola okhawo amene ali ndi chiphaso cha Cannabis Regulatory Authority, cha mankhwala ndi cha mafakitale, nde kudzala kuseri kwa nyumba ku Ndirande kaya ku Area 25 ndi kudziitanira apolisi. Ndikulembera amene ali komwe lamulo likulola komanso alimi a ziphaso amene ali ndi ma greenhouse.

Anthu amaganiza kuti m'nyumba mbewu ndi yotetezeka. Sizoona. Panja kumagwa mvula imene imakokolola tizilombo, kuli mphepo, kuli tizilombo tina todya tinzake, pomwe mu tenti yolimiramo m'nyumba, yokhala ndi getsi ndi fani, muli kutentha kokhazikika usana ndi usiku ndipo mdani wa kachilomboka mulibemo, nde kakangolowa kamodzi kokha kamaswana mosaletsedwa. Ndipo nthawi zambiri amene amakalowetsa ndi mwini wake, pa malaya atachoka kudimba, pa galu, kapena pa kanthambi kodzala komwe wapatsidwa ndi mnzake.

Woyamba ndi kangaude. Alimi a tomato a ku Ntcheu ndi ku Dedza akumudziwa bwino kangaude wofiira, uyu wa pa chamba ndi m'bale wake, dzina la sayansi ndi Tetranychus urticae, ali ndi timadontho tiwiri pamsana. Poyamba simumuona iyeyo, mumaona timadontho toyera kapena tachikasu ting'onoting'ono pamwamba pa tsamba pomwe wayamwa, iye ali kunsi kwa tsamba ndi mazira ake. Tengani pepala loyera, liyikeni pansi pa nthambi ndikugwedeza, mukaona tinthu tikuyenda papepalapo ndi yemweyo. Mukadikira mpaka muone ulusi wake utakuta nsonga ndiye kuti mwachedwa kale. Amakonda kotentha ndi kouma, pa 27 mpaka 30 digiri dzira limasanduka kangaude wamkulu woikira mazira ake pa sabata imodzi yokha kapena kuposa pang'ono, ndichifukwa chake a ku Gauteng amalira naye kwambiri mu September ndi October mvula isanabwere.

Mbewu ikakhala isanayambe maluwa kumuthetsa sikovuta, koma kumafuna khama. Thotholani masamba omwe agwidwa kwambiri, muwaike mu jumbo ndikumanga, osawasiya pansi mu tenti. Kenako tsukani kunsi kwa masamba ndi madzi amphamvu pang'ono, mbewu ikakhala yaing'ono mutha kuinyamula kupita nayo kubafa. Mukatero ndiye mupopere sopo wa tizilombo wogula ku nazale, amene amapangidwa ndi potaziyamu, kapena mafuta a nimu, supuni yaing'ono imodzi ya 5 ml pa lita ya madzi ofunda ndi timadontho ta sopo kuti zisakanikirane. Sopo wa ufa wochapira zovala ayi, amawotcha masamba. Yesani kaye pa nthambi imodzi ndikudikira tsiku. Poperani magetsi atazima kapena akangotsala pang'ono kuzima chifukwa mafuta pa tsamba pansi pa getsi lowala amasiya zipsera, ndipo lozetsani kunsi kwa tsamba, kupopera pamwamba ndikungotaya mankhwala. Pomwe ambiri amagwera ndi apa, amapopera kamodzi, mawa akuona kangaude wafa nde amati zatheka, osadziwa kuti mazira ambiri apulumuka ndipo akuswa. Bwerezani pakatha masiku atatu kapena anayi, mpaka masabata awiri kapena atatu.

Nsabwe za m'masamba ndi ntchentche zoyera sindichedwapo, sopo yemweyo amazitha. Chizindikiro chake ndi masamba omata ndi nyerere zokwera ndikutsika, mukaona nyerere mu tenti zitsatireni zikusonyezani pomwe pali nsabwe. Ma thrips, tizilombo tating'ono toonda toyamwa masamba, amasiya mabala owala ngati siliva okhala ndi timadontho takuda, ndipo timakadi tomata ta buluu kapena tachikasu timakuuzani msanga kuti alowa. Timakadito sitithetsa vuto, ntchito yake ndikukudziwitsani.

Tsono apa ndiye pofunika. Maluwa akangoyamba kupanga, nimu siyani, sopo siyani, salufa siyani. Duwa la chamba ndi lomata komanso lothithikana, mafuta akalowamo satuluka, limanunkha, limawawa pakhosi, ndipo chinyezi chomwe mwathiramo ndi chimene chimayambitsa kuola. Anthu ambiri akamva kuti mankhwala ndi achilengedwe amaganiza kuti ndi abwinobwino, zimenezo ine ndimakana. Kumudzi timadziwa ombwe, masamba ake amaviikidwa ndikupopera pa ndiwo ndipo tizilombo timafadi, koma ndi ombwe yemweyo amene ena amaphera nsomba m'madziwe, muli poizoni wa gulu la rotenone amene kafukufuku wakhala akumukhudzanitsa ndi matenda a Parkinson. Madzi a fodya nawonso, nikotini ndi poizoni wamphamvu amene amalowa ngakhale pakhungu, komanso fodya amanyamula vayirasi ya mosaic imene ingagwire tomato ndi tsabola zanu zapakhonde. Tsabola ndi adyo ndi zofatsirapo koma mphamvu yake pa kangaude ndi yochepa, ndipo pa maluwa nazonso ayi.

Za mankhwala a mu shopu ya zaulimi nde musayerekeze. Ku Canada mu 2016 ndi 2017 makampani ena a ziphaso anakakamizika kubweza chamba chomwe anali atagulitsa kale kwa odwala chitapezeka ndi myclobutanil, mankhwala a nkhungu omwe amaloledwa pa mphesa, koma akatenthedwa amatha kutulutsa mpweya wa cyanide. Pambuyo pake boma la kumeneko linalamula kuti chamba chiziyezedwa mankhwala ophera tizilombo chisanagulitsidwe. Botolo lolembedwa kuti ndi la tomato kapena zipatso linayesedwa pa zinthu zodya, osati zosuta.

Nanga kangaude akabwera maluwa atayamba? Njira yomwe ine ndimaikhulupirira ndi kubweretsa adani ake. Pali kakangaude kena kotchedwa Phytoseiulus persimilis komwe chakudya chake ndi kangaude yemweyu ndi mazira ake, ma greenhouse a maluwa ku Kenya akhala akukagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, ndipo ku South Africa makampani ngati Koppert amagulitsa. Kamafuna chinyezi chokwererako, kuposa 60 peresenti, pouma kwambiri Neoseiulus californicus ndi amene amapirira. Wa ma thrips ndi ntchentche zoyera ndi Amblyseius swirskii. Kungoti musawaike lero mawa ndikupopera sopo, muwapha limodzi ndi adani anuwo ndalama ndikupita pachabe. Kukakhala kuti kwatsala sabata kapena awiri kuti mukolole, ingothotholani masamba ogwidwa, tsitsani kutentha, mumalize, kenako mukolope chipinda chonse ndi Jik musanadzalenso.

Pali tintchentche takuda touluka pamwamba pa dothi tomwe timasowetsa anthu mtendere. Touluka sitiononga kanthu, zoononga ndi mphutsi zake m'dothi zomwe zimadya timizu tating'ono. Koma ine ndikationa sindiganiza za tizilombo, ndimadziwa kuti mwini wake akuthirira mopitirira. Lekani dothi liume masentimita awiri kapena atatu apamwamba musanathirirenso, nyamulani chidebecho mumve kulemera kwake, chikapepuka ndiye nthawi yakwana. Zikakanika pali bakiteriya wotchedwa Bti, yemwe amapheranso mphutsi za udzudzu, mumasungunula m'madzi othirira ndipo pa maluwa safikapo.

Kuthirira kumeneku ndi kumene kumatilowetsa ku masamba achikasu, ndipo zoona zake zithunzi zambiri zomwe ndimalandira mulibemo kachilombo ngakhale kamodzi. Mizu ikakhala m'madzi nthawi zonse imasowa mpweya, masamba amawerama koma ali olemera ndi olimba, munthu amaona ngati mbewu ili ndi ludzu nde amathiranso, kenako ikayamba chikasu amati ndi njala ndikuwonjezera feteleza, mapeto ake nsonga za masamba zapsa. Mbewu ya ludzu lenileni masamba ake amakhala ofewa ndi olefuka, ndipo mukathirira imadzuka pa maola ochepa.

Mukatsimikiza kuti si madzi, funso lotsatira ndi loti chikasucho chayambira pati. Chikayambira masamba akale a pansi, tsamba lonse likuyezuka mofanana ndikugwa, ndi nayitrojeni, mbewu ikusamutsa chakudya kuchoka ku masamba akale kupita ku nsonga. Izi zikachitika masabata omaliza a maluwa musadandaule, ndi mmene zimakhalira. Masamba akale akachita chikasu pakati pa mitsempha koma mitsemphayo ili yobiriwira, ndi maginiziyamu, ndipo mchere wa Epsom wa ku famase, pafupifupi galamu imodzi pa lita, umathandiza. M'mphepete mwa masamba akale mukapsa ndi potaziyamu. Koma chikasu chikayambira ku nsonga pa masamba atsopano ndiye ganizani za ayironi, ndipo timabala tofiirira pa masamba omwe akukula kumene nthawi zambiri ndi kashiyamu. Masamba obiriwira mopitirira, onyezimira, nsonga zitapindikira pansi, ndi nayitrojeni wochuluka, kawirikawiri chifukwa cha manyowa a nkhuku osaola bwino. Ndipo ngati masamba okhawo omwe ali pafupi ndi getsi ndi amene akuyezuka ndikupinda m'mphepete kuloza m'mwamba, kwezani getsi basi, musagule chilichonse.

Koma musanawonjezere chilichonse yezani pH, muyezo wosonyeza kuchuluka kwa asidi m'dothi kapena m'madzi. Ndimabwereza izi mpaka anthu amatopa nane. M'dothi chamba chimadya bwino pakati pa 6.0 ndi 7.0, mu coco, ulusi wa makoko a kokonati womwe ena amadzalamo m'malo mwa dothi, pakati pa 5.5 ndi 6.5, kunja kwa pamenepo chakudya chimakhalamo koma mizu siingachitenge, nde mumaona zizindikiro za njala pa mbewu yomwe ili pa dothi lodzadza ndi feteleza. Madzi a pampopi ndi a pa mjigo madera ambiri amakhala pamwamba pa 7, kathirireni miyezi iwiri osayeza muona ayironi akusowa. Timadontho toyezera pH ndi totchipa kuposa botolo lililonse la feteleza. Mukakonza, tsamba lomwe linapsa kale silibwerera, yang'anani atsopano.

Pali vuto limodzi lomwe limanamiza ngakhale odziwa. Nsonga zikapotana, masamba atsopano akunyezimira ndikupindika, pH ili bwino, madzi ali bwino, koma mbewu ikungobwerera m'mbuyo, ganizani za tiakangaude tating'ono kwambiri ta russet kapena broad mite tomwe ndi maso simungatione, pamafunika galasi lokulitsa ka 60 kupita m'mwamba. Mbewu yogwidwa kwambiri ndi timeneti ine ndimati zulani.

Nkhungu ili mitundu iwiri yomwe muyenera kuidziwa. Yoyamba imaoneka pamwamba pa masamba ngati wina wawaza ufa woyera, imafufutika ndi chala koma imabwerera. Isanafike nthawi ya maluwa potassium bicarbonate kapena salufa amaigwira, kungoti salufa ndi mafuta a nimu zisakumane, pakhale masabata awiri pakati apo ayi masamba apsa. Yachiwiri ndi Botrytis, imayambira mkati mwa duwa lalikulu lokongola lija, kunja mumangoona katsamba kamodzi kauma mwadzidzidzi, mukakakoka kamazuka mosavuta ndipo mkati mwatuwa mwaola. Dulani duwa lonselo ndi kachigawo ka pansi pake, muike mu jumbo pomwepo, ndipo musaumitse kuti musute kapena kuphikira, anthu a asima ndi amene chitetezo chawo chatsika nkhungu imawapweteka kwambiri. Mankhwala a zonsezi ndi mpweya, fani yotulutsa ndi ina yozungulira, mbewu zisathithikane, ndipo masabata omaliza chinyezi chikhale pansi pa 50 peresenti. A ku Durban nthawi yotentha ndi a ku Cape Town nthawi yachisanu ntchito ndi yaikulu pamenepa. Magetsi akathima fani imaima koma mbewu sizisiya kutulutsa nthunzi, chinyezi chimakwera msanga mu tenti yotseka, choncho ngati muli ndi ka inverter kakang'ono lumikizani fani poyamba, getsi lidikire.

Za nthambi zopatsidwa ndi anzanu, ziikeni chipinda china masabata awiri mukuziyang'ana kunsi kwa masamba musanazisakanize ndi zanu. Kupatula kangaude zimabweretsanso hop latent viroid, matenda omwe anatsimikizika pa chamba ku California mu 2019, mbewu imapinimbira, nthambi zimathyoka msanga, maluwa amachepa, ndipo mankhwala ake kulibe. Amayenda pa sizasi ndi lezala, nde mukachoka pa mbewu ina kupita pa ina viikani chida mu Jik wosungunula, gawo limodzi pa magawo asanu ndi anayi a madzi, sipiriti pa ameneyu sakwanira.