Buku la Ibn al-Nafis ndi mkangano wa njira ya magazi

M'chaka cha 2024 zinakwana zaka 100 chichitikireni nkhani ina mu laibulale ya boma mumzinda wa Berlin, ndipo mkangano womwe inabala sunazirale mpaka lero. Funso lake ndi ili: ndani anayamba kulongosola molondola kuti magazi akachoka mbali yakumanja ya mtima amadzera kaye m'mapapo asanafike kumanzere?

Mabuku ambiri akusukulu ankapereka ulemu umenewu kwa azungu atatu. Michael Servetus wa ku Spain analemba za njirayi mu 1553, m'buku la zachipembedzo lomwe linamuphetsa, pakuti chaka chomwecho anamutentha pamoto ku Geneva. Realdo Colombo wa ku Italy analemba zake mu 1559, ndipo William Harvey anamaliza nkhani yonse ya kayendedwe ka magazi m'thupi mu 1628.

Ndiye mu 1924 Muhyi al-Din al-Tatawi, mnyamata wa ku Egypt amene ankaphunzira udokotala ku Germany, akusanthula mabuku a Chiarabu olembedwa pamanja, anapeza ndemanga ya dokotala wachiarabu Ibn al-Nafis pa zomwe Ibn Sina, dokotala wakale wa ku Persia, analemba zokhudza ziwalo za thupi m'buku lake lotchuka la al-Qanun. Ibn al-Nafis anabadwira kufupi ndi Damascus cha m'ma 1213, anaphunzira pa chipatala cha Nuri mumzindawo, kenako anasamukira ku Cairo komwe anamwalira mu 1288. Ndemangayi anailemba cha m'ma 1242, asanakwanitse n'komwe zaka 30.

Kuti timvetse kulemera kwa zomwe al-Tatawi anawerenga, tibwerere kwa Galen, sing'anga wachigiriki yemwe mawu ake anali ngati lamulo kwa zaka zoposa 1,000. Galen ankaphunzitsa kuti khoma lomwe limagawa mtima pakati lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo magazi amadontha kudzera m'menemo kuchoka chipinda chakumanja kupita chakumanzere. Ibn Sina anavomera zimenezo, n'kuwonjezera kuti mtima uli ndi zipinda zitatu zopopa magazi. Ibn al-Nafis anakana zonsezi mosabisa mawu. Anati khomalo ndi lochindikala, lilibe bowo looneka kapena losaoneka. Anati magazi amatuluka m'chipinda chakumanja kudzera mumtsempha wopita kumapapo, amamwazikana m'menemo n'kusakanikirana ndi mpweya, kenako amabwerera kumanzere kwa mtima kudzera mumtsempha wina. Zipinda zopopa anati n'ziwiri basi. Anatsutsanso maganizo akuti mtima umadya magazi omwe ali m'chipinda chakumanja, nati chakudya chake chimadzera m'mitsempha yomwe yalowerera mumnofu wake. Mfundo ya khomayi anaibwereza kangapo m'bukumo, ngati munthu wodziwiratu kuti anzake akana kumva.

Zomwe al-Tatawi analemba pofuna digiri yake ku yunivesite ya Freiburg sizinasindikizidwe, zinangotsala m'makope ochepa otayipa. Nkhaniyi inamveka padziko patadutsa zaka pafupifupi 10, pamene Max Meyerhof, dokotala wa maso wa ku Germany yemwe ankakhala ku Cairo, anafananiza makope ena a buku la Ibn al-Nafis n'kufalitsa zotsatira mu 1933 ndi 1935. Meyerhof anatchula dzina la al-Tatawi, komabe mpaka pano ambiri akamakamba za nkhaniyi amayamba ndi dzina la Meyerhof. Zimenezi zimandiwawa pang'ono, chifukwa amene anatsegula masambawo n'kuzindikira chomwe maso ake akuona anali al-Tatawi.

Pamene pali phokoso ndi apa: kodi Servetus ndi Colombo anamva za Ibn al-Nafis? Amene amati inde amaloza Andrea Alpago, dokotala wa ku Italy amene anakhala zaka zambiri ku Damascus akugwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa Venice, uku akusonkhanitsa ndi kumasulira mabuku a Chiarabu. Atabwerera kwawo anakathera ku Padua, mzinda womwe Colombo anadzaphunzitsako ndipo Harvey anadzaphunzirako. Mu 1547, Alpago atamwalira kale, ku Venice kunatuluka buku la Chilatini la zomwe iye anamasulira kuchokera kwa Ibn al-Nafis. Panangodutsa zaka 6, Servetus n'kulemba zake. Katswiri wina, Joseph Schacht, anaika mawu a anthuwa pambalipambali mu 1957 ndipo anaona kuti akufanana kwambiri moti n'zovuta kungoti zinangochitika mwangozi.

Koma mbali inayo ili ndi mfundo yolimba. Gawo lomwe linasindikizidwa mu 1547 ndi la mankhwala osakaniza, mulibe nkhani ya mtima ndi mapapo. Palibe kalata kapena pepala la Chilatini la nthawi imeneyo lomwe lapezeka losonyeza kuti mfundoyo inawoloka nyanja. Meyerhof mwini wake sankakhulupirira kuti inawoloka. Mwina Alpago anaikamba pakamwa kwa anzake ku Padua, koma zapakamwa sizisiya phazi.

Enanso amachepetsa ntchito ya Ibn al-Nafis ponena kuti anangolota bwino. Iye mwini analemba kumayambiriro kwa ndemanga yake ija kuti malamulo a chipembedzo ndi chifundo cha mumtima mwake zinamuletsa kutumbula mitembo. Akatswiri amagawanika pa mawu amenewa: ena amawatenga momwe alili, ena amati munthu sangatsimikize kuchindikala kwa khoma la mtima asanaligwirepo, ngakhale la nkhosa. N'zoonanso kuti iye sanafike pomwe Harvey anafika, pakuti ankakhulupirirabe kuti magazi amapangidwa m'chiwindi n'kuthera m'ziwalo. Koma kutsutsa Galen ndi Ibn Sina pa nthawi imodzi, uli mnyamata, n'kulondola, sindikuona ngati ndi maloto.

Kale anthu ankanena kuti ngakhale Aarabu anzake a Ibn al-Nafis anaiwala mfundo yake ya njira ya magazi. Izi zinadzagwa pamene katswiri wa mbiri ya zachipatala, Albert Iskandar, anapeza kuti madokotala ena a m'zaka za m'ma 1300, monga Sadid al-Din al-Kazaruni, anaikopera m'mabuku awo. Ibn al-Nafis mwiniwake anasiyira nyumba yake ndi mabuku ake onse chipatala cha Mansuri ku Cairo, chomwe Sultan Qalawun, mfumu ya dziko la Egypt pa nthawiyo, anali atangomanga kumene. Pa buku lake lalikulu la zachipatala, al-Shamil, ankafuna kulemba mavoliyumu 300 ndipo anamaliza 80. Omwe anapulumuka amwazikana m'malaibulale a mayiko osiyanasiyana.