Amphaka asanu a pachilumba cha Marion

M'chaka cha 1949, anthu a ku South Africa amene ankagwira ntchito yoyeza nyengo pachilumba cha Marion anatopa nazo mbewa. Zinkalowa m'nyumba zawo ndi mosungira chakudya, ndipo sitima yobweretsa china inali kutali. Anachita zimene aliyense wa ife angachite nkhokwe ikavuta, anabweretsa amphaka, asanu okha. Pofika 1977 amphakawo anali atakwana pafupifupi 3,400, mbewa zikadali mbwee, ndipo akatswiri anawerengera kuti mbalame zam'nyanja pafupifupi 450,000 zinkathera m'kamwa mwa amphaka chaka chilichonse.

Marion ili kum'mwera kwenikweni kwa nyanja ya Indian, pafupifupi makilomita 2,000 kuchokera ku Cape Town, ulendo wa masiku anayi kapena asanu pa sitima. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 290, kotero kuti chilumba cha Likoma chingalowemo kakhumi ndi kasanu n'kutsalako malo. Chinachita kutumphuka pansi pa nyanja chifukwa cha phiri lophulika, ndipo sichinalumikizanepo ndi mtunda uliwonse. Pachilumbapa palibe mtengo ngakhale umodzi. Pali udzu, ndere, zithaphwi, miyala yakuda, mvula ya pafupifupi tsiku lililonse ndi mphepo yosapuma. Makilomita 20 okha kuchokera pamenepo pali chilumba china chaching'ono, Prince Edward.

Sitima ya Adatchi inadutsa cha kumeneko mu 1663. Mu Januwale 1772 Mfalansa Marc-Joseph Marion du Fresne anachiona n'kuganiza kuti wapeza dziko lalikulu la kum'mwera limene azungu ankalifunafuna. Kenako James Cook anafika mu 1776 n'kutcha zilumba ziwirizi dzina la mwana wa mfumu ya ku Britain, ndipo chachikulucho chinadzayamba kudziwika ndi dzina la Marion pambuyo pake. Amenewa anangodutsa. Amene anatsika n'kugona pamtunda anali alenje a akatumbu a m'nyanja, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Ankafuna zikopa ndi mafuta, ndipo miphika ikuluikulu yachitsulo imene ankasungunuliramo mafutawo ikadalipo m'mphepete mwa nyanja mpaka lero. M'katundu wawo, kapena m'sitima zimene zinasweka pamiyala, munali mbewa.

Mbewa zimenezi si zija za kumunda zimene timakumba m'chilimwe n'kupanga ndiwo. Ndi kambewa ka m'nyumba, kotuwa, kolemera magalamu 20 kapena kuposerapo pang'ono, kamene kayenda ndi munthu dziko lonse lapansi. Kwa zaka zoposa 100 kanakhala pa Marion kakudya tizilombo ndi njere za udzu, chisanu chikupha tambiri chaka ndi chaka, osachititsa phokoso lililonse.

South Africa inatenga chilumbachi pa 29 Disembala 1947, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, ndipo Prince Edward inatengedwa pa 4 Januwale 1948. Chaka chomwecho anamanga malo oyezera nyengo. Kuyambira pamenepo pachilumbapa sipanasowe munthu, kagulu kamodzi kakamachoka kena kamalowa. Amphaka aja anabwera chaka chotsatira, anaswana, ndipo pofika 1951 ena anali atayamba kale moyo wakutchire.

Mphaka analibe chifukwa chovutikira ndi kambewa pamene nyama yonona inali paliponse. Zamoyo za pachilumba chakutali chonchi zinafika zonse pouluka, posambira kapena potengedwa ndi mphepo. Nyama yoyenda ndi miyendo inayi yodya zinzake sinafikepo. Kwa zaka masauzande ambirimbiri mdani wa mbalame za pa Marion ankachokera m'mwamba mokha, makamaka mbalame yolusa yotchedwa skua. Choncho mbalame zing'onozing'ono za mtundu wa petrel zinaphunzira kukumba mauna pansi, kuikiramo dzira limodzi, n'kumabwera kumtunda usiku wokha. Kwa skua nzeru imeneyo inakwana. Kwa mphaka, amene amaona usiku ndipo amalowa kuuna, inali ngati kumuikira ndiwo m'mbale. Nkhuku yakumudzi ikaona chithunzithunzi cha kabawi imakuwa, anapiye n'kubisala, chifukwa mtundu wake unakulira pakati pa adani. Mbalame za pa Marion mantha oterowo sizinabadwe nawo, ndipo mbalame yoikira dzira limodzi pachaka singathe kubweza msanga zimene yataya. Mtundu wina, common diving petrel, unasiyiratu kuswana pachilumbapo.

Mu 1975 Rudi van Aarde wa ku yunivesite ya Pretoria anawerenga amphakawo n'kupeza kuti apitirira 2,000 ndipo akuchuluka mofulumira. Boma linavomera kuti achotsedwe. Choyamba, mu 1977, anagwira amphaka ena n'kuwapatsa kachilombo ka matenda a amphaka okhaokha otchedwa feline panleukopenia, kenako n'kuwamwaza m'madera osiyanasiyana a chilumbacho. Matendawo anasesa ndithu, moti pofika 1982 anatsala pafupifupi 600. Koma otsalawo anali olimba ku matendawo ndipo anayambanso kuswana.

Apa ndi pamene ntchito inafika pa thukuta. Kuyambira 1986, pansi pa utsogoleri wa Marthán Bester, alenje ankayenda awiriawiri usiku, wina atanyamula tochi yowala kwambiri ndi batire lake, wina mfuti. Ankaponda m'zithaphwi zomira mpaka m'mawondo, mphepo ikuwomba, akufunafuna timaso tiwiri tonyezimira pakati pa miyala. Amphaka atachepa anachenjeranso, munthu n'kumayenda usiku wonse osaona ngakhale mmodzi. Anawonjezera misampha, kenako nyambo ya anapiye akufa othiridwa poizoni. Amphaka omaliza anagwidwa mu 1991. Zinatenga zaka 14 kuchotsa zimene zinabwera m'chaka chimodzi, ndipo panthawiyo Marion chinali chilumba chachikulu kuposa zonse zimene anthu anakwanitsa kuchotsapo amphaka.

Aliyense ankayembekezera kuti mauna adzazanso. Mbalame zinabwereradi, koma osati monga momwe ankaganizira. Kenako mu 2003 ofufuza anayamba kupeza ana a wandering albatross ali ndi zilonda zachilendo.

Mbalame imeneyi ndi yodabwitsa. Ikatambasula mapiko imapitirira mamita 3, ndipo imatha zaka zingapo ili panyanja osaponda mtunda. Imayamba kuswana ili ndi zaka pafupifupi 10, imaikira dzira limodzi pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo ikhoza kukhala ndi moyo zaka zoposa 50. Pa mbalame zinayi zilizonse za mtunduwu zimene zimaswana padziko lonse, pafupifupi imodzi imaswanira pa Marion. Mwana wake amaswedwa cha m'Marichi, ndipo pakapita mwezi umodzi makolo amayamba kumusiya yekha pachisa chadothi, iwo n'kupita kutali kukasaka chakudya. Amakhala pamenepo nyengo yonse yozizira mpaka cha m'Novembala kapena Disembala, atanenepa mpaka kufika makilogalamu 10.

Makamera ausiku anaonetsa chimene chinkachitika. Kambewa kamakwera pachisa, n'kukwera pamsana kapena pamutu pa mwana wa mbalameyo, n'kuyamba kuluma. Iye amagwedeza mutu, mwina kutembenuka pang'ono, koma sathawa ndipo sajompha, ngakhale mlomo wake ungathe kuphwanya kambewako kamodzi kokha. Usiku wotsatira mbewa zimabwera zingapo pachilonda chomwecho. Mu 2015 ofufuza a ku FitzPatrick Institute ya yunivesite ya Cape Town anapeza ana ambiri a mitundu ina ya albatross, monga ya mutu wotuwa, atasendedwa khungu lonse la pamutu, chigaza chili pamtunda, maso akuphethira, akadali moyo. Amafa pakapita masiku angapo. Ndinaona zithunzi zake ndipo sindinathe kuziyang'ana kawiri. Mu 2023 anapeza kuti mbewa zayamba kupha ngakhale albatross zikuluzikulu zimene zili pazisa. Imfa ya mbalame yaikulu imapweteka mtundu wonse kuposa ya mwana, chifukwa imapita ndi mazira onse amene ikanaikira zaka makumi akubwerawo.

Apa ndi pamene anthu amasiyana maganizo. Ena amati cholakwa chinali kupha amphaka, popeza mwachotsa mlonda ndiye mbala zachuluka. N'zomveka, ndipo pachilumba cha Macquarie cha ku Australia zofanana ndi zimenezi zinachitikadi, amphaka atatha mu 2000 akalulu anachuluka n'kudya zomera mpaka mapiri kuyamba kugumuka. Koma pa Marion ine sindikuvomereza. Ofufuza atayang'ana zimene amphakawo ankadya anapeza kuti chakudya chawo chachikulu chinali mbalame, mbewa zinali zongotolera. Mlonda amene amadya mbuzi 450,000 pachaka si mlonda. Chimene chasintha kwambiri ndi nyengo. Malo oyezera nyengo omwe aja, amene anabweretsa amphaka, ndi amenenso asonyeza kuti chilumbachi chatentherapo ndi digiri yoposa imodzi ndipo mvula yachepa. Chilimwe chikatalika mbewa zimaswa maulendo ambiri, zisa zawo sizinyowa, ndipo zimafika m'nyengo yozizira zili zochuluka kuposa chakudya chimene chilipo.

Chakudya chawo chakale chija zachimaliza. Pa Marion pali kadziwotche wina wopanda mapiko oulukira, Pringleophaga marioni, amene mbozi zake zimadya zomera zakufa n'kubwezera chonde m'nthaka. Palinso anankafumbwe amitundu yawoyawo amene sapezeka kwina kulikonse kupatula pazilumba za kum'mwerazi. Mbewa zadya tizilomboti mpaka kutsala pang'ono, zaboola zomera zokhala ngati mitsamiro zotchedwa Azorella, ndipo kambalame koyera kotchedwa sheathbill, kamene kamadalira tizilombo tomweti m'nyengo yozizira, kachepa. Tizilombo titatha, njala inazitengera ku zisa. Umboni wake uli pafupi, pa Prince Edward. Nyengo ndi yomweyo, nyanja ndi yomweyo, koma mbewa kapena mphaka sizinafikepo. Kumeneko tizilombo tikadali tambiri, mauna a mbalame ali thithithi, ndipo ana a albatross amakula mitu yawo ili yosalala. N'chifukwa chake boma limaloleza anthu ochepa kwambiri kupondako, mwa apo ndi apo, katundu wawo atafufuzidwa mpaka m'matumba a zovala.

Zilumba ziwirizi zinakhala malo otetezedwa mwapadera mu 1995. Lero bungwe la BirdLife South Africa pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango, usodzi ndi chilengedwe akukonza ntchito yotchedwa Mouse-Free Marion. Iwo akuti ngati palibe chochitika, mitundu 19 ya mbalame zam'nyanja zoswana pa Marion ikhoza kutha pachilumbapo m'zaka 30 zikubwerazi. Njira yake ndi imodzi yokha, ndipo si yokoma kuimva: mahelikopita adzamwaza matani mazanamazana a nyambo yapoizoni pachilumba chonse, mahekitala pafupifupi 30,000, mzere ndi mzere, m'mapiri, m'zigwa ndi m'maphompho a m'mphepete mwa nyanja. Anthu wamba akupemphedwa kulipirira hekitala imodzi ndi R1,000.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Albatross ndi petrel zimadya kunyanja ndipo nyamboyo siziikhudza, koma sheathbill, skua ndi mbalame zina zotola pamtunda zikhoza kudya nyamboyo kapena mbewa zakufa, ndipo zina zidzafa. Okonza ntchitoyi sabisa zimenezi. Palinso amene amafunsa ngati ndalama zochuluka chonchi zikuyenera kupita kuchilumba chopanda mudzi pamene anthu ku Khayelitsha, dera la anthu osauka ku Cape Town, akugona m'zisakasa. Funsolo ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Koma mbewazo sizinasambire zokha kukafika kumeneko, ndipo dziko limene linaimika mbendera yake pachilumbacho mu 1947 linatenganso mlandu wa zonse zimene zili pamenepo.

Choopsa chenicheni ndi kulephera. Ntchito yotereyi inatheka kuchilumba cha South Georgia, kumene analengeza mu 2018 kuti makoswe ndi mbewa zatha, inathekanso ku Macquarie mu 2014. Koma pachilumba cha Gough, m'nyanja ya Atlantic, kumene mbewa zimadyanso ana a albatross, bungwe la ku Britain loteteza mbalame la RSPB linamwaza nyambo mu 2021 litakonzekera zaka zambiri, ndipo mu Disembala chaka chomwecho kamera inajambula kambewa kamoyo. Posakhalitsa zinaswananso. Pantchito imeneyi kupha 99 pa 100 iliyonse n'chimodzimodzi kusapha, chifukwa yaikazi imodzi yokhala ndi bere, yobisala m'phanga la miyala mmene nyambo sinagwere, ikwanira kubwezeretsa zonse. Marion ndi yaikulu kuposa Gough kanayi, ndipo ili ndi minda ya miyala yakuda yodzaza mapanga. Zimenezi, pamodzi ndi kusakwana kwa ndalama, zachititsa kuti tsiku loyamba ntchitoyi lisunthidwe kangapo.

Akadzayamba, adzayamba m'nyengo yozizira, pamene mbewa zasiya kuswana, njala yazigwira ndipo zingatole chilichonse chogwa pansi, komanso mbalame zambiri zili kunyanja. Oyendetsa mahelikopita adzafunika masiku opanda nkhungu ndi mphepo yamkuntho, amene pa Marion amawerengeka ndi zala. Miyezi yomweyo ndi imene mwana wa wandering albatross amakhala yekha pachisa usiku wonse, makolo ake ali makilomita masauzande kunyanja.