Nkhata za maluwa ndi nkhata za amtengatenga

Chaka chilichonse mu Novembala, Lamulungu loyandikira pa 11, atsogoleri a dziko, akuluakulu a asilikali ndi akazembe amasonkhana pa nsanja za chikumbutso ku Zomba ndi ku Lilongwe kukaika nkhata za maluwa, lipenga likulira. Mwambowu unayamba kuoneka mosiyana kuchokera mu Epulo 2021, pamene bungwe la Commonwealth War Graves Commission, losamalira manda a ofa pa nkhondo, linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso ofika 350,000, ambiri a iwo Aafirika, omwe anafera Britain pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, sanalembedwe maina pamanda kapena pachipilala chilichonse. Nduna ya zachitetezo ya Britain pa nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo.

Kuno nkhondoyo inafika msanga. Mu Ogasiti 1914 pa nyanja ya Malawi, sitima ya Britain, Gwendolen, inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, padoko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli, ndipo pa 9 Seputembala asilikali a King's African Rifles, gulu la Aafirika omenyera Britain, anabweza Ajeremani pa Karonga. Akuluakulu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya, dzina la mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza. Magazi a pa Karonga ndiwo anachititsa M'busa John Chilembwe kulemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, yodandaula kuti amphawi akuitanidwa kukafera mlandu wosawakhudza, kusiya amasiye pambuyo. Boma linaitsekereza kalatayo.

Koma chaka chomwe chinasintha miyoyo ya anthu m'midzi ndi 1916, pamene mkulu wa asilikali a Britain Edward Northey anayamba kulowa m'dziko la Ajeremani, lomwe lero ndi Tanzania, kuchokera kumpoto kwa nyanja. Kumeneko misewu yoti galimoto n'kudutsa inali yochepa, ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi matenda a kashembe. Katundu ankabwera kuchokera padoko la Chinde, ku Mozambique, n'kukwera mtsinje wa Zambezi, kenako pasitima ya pamtunda mpaka Blantyre, pamsewu mpaka Fort Johnston, ku Mangochi, n'kuoloka nyanja. Kuchokera pagombe, chilichonse chinkayenda pamutu pa munthu: ufa, zipolopolo, mankhwala, mahema, ngakhale zidutswa za mizinga. Mtolo umodzi unkalemera makilogalamu oposa 20. Vuto linali lakuti wosenza ufa nayenso amadya, choncho msilikali akamapita kutali, pankafunika osenza ena osenzera chakudya cha osenza anzawo, ndipo chiwerengero chinkangokwera. Mafumu analamulidwa kupereka amuna, amesenjala ankagwira anthu usiku, ena ankathawira m'mapiri kapena kuoloka malire. Mawu akuti thangata, omwe kale ankatanthauza kuthandizana, anawawa kwambiri m'zaka zimenezo.

Olemba mbiri amaika chiwerengero cha asilikali ochokera ku Nyasaland pafupi ndi 19,000, ndipo cha amtengatenga pafupi ndi 200,000, m'dziko la anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Chiwerengero choyambacho n'chodalirika, chifukwa msilikali anali ndi nambala. Chachiwiricho chiyenera kulandiridwa mosamala, popeza munthu mmodzi ankatha kugwidwa kawiri kapena katatu. Za imfa ndiye mabuku a boma ndi operewera kwambiri: wofa ndi kamwazi, malungo kapena njala panjira nthawi zambiri ankakwiriridwa pomwepo, gulu n'kupitirira. Umboni womveka bwino ndi wa pakamwa, womwe wolemba mbiri Melvin Page ndi ophunzira a ku Chancellor College anatolera kwa nkhalamba m'zaka za m'ma 1970. N'zoona kuti munthu wokalamba pokumbukira amasokoneza zaka ndi malo, koma nkhani za njala, mvula ndi chikoti zinkabwerezeka m'maboma otalikirana.

Mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, ndipo obwerera kwawo anakumananso ndi mliri wa chimfine. Nsanja ya ku Zomba inamangidwa pokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndipo palibe angakane kulimba mtima kwawo, kaya pa Karonga kaya ku Burma pa nkhondo yachiwiri. Oteteza atsamunda amati m'nkhalango munalibe mpata wolemba maina. Mfundoyi ili ndi gawo lake, koma lipoti la 2021 linapeza kuti ena mwa akuluakulu a nthawiyo ankanena poyera kuti Mwafirika sangamvetse tanthauzo la mwala wa pamanda, pamene Mzungu wofera m'nkhalango yomweyo ankafunidwa mpaka kupezeka.

M'Chichewa, chomwe amaika pansanja ndi chomwe wosenza ankaika pamutu zonse ndi nkhata. Bungwe lija layamba kufufuza maina otayikawo, ndipo mu Januwale 2025 linatsegula chikumbutso ku Cape Town cha antchito oposa 1,700 a ku South Africa omwe anafa pa nkhondo yomweyo. Amtengatenga a kuno ambiri akadali opanda dzina pamwala.