Kukhoza mayeso a kalasi si kufika kumene chiphunzitso chikulinga

Amene anaphunzitsapo kalasi ya ofuna kubatizidwa amadziwa mmene mayeso amayendera. Wophunzira amafunsidwa Malamulo Khumi, Pemphero la Ambuye ndi Chikhulupiriro cha Atumwi, ndipo akayankha mosadodoma timati wakhoza. Kuloweza n'kofunika, sindikukunyoza ayi. Koma mtumwi Paulo anali ndi muyeso wina, umene ife aphunzitsi a Mawu timauiwala msanga.

Popita ku Makedoniya, Paulo anasiya Timoteo ku Efeso kuti aletse anthu ena amene ankasokoneza mpingo. Anthuwo sanali aulesi pa Malemba. Ankakonda nthano ndi mindandanda yosatha ya mayina a makolo, ankafunitsitsa kutchedwa aphunzitsi a chilamulo, koma phindu lake linali mikangano yokhayokha. Ndiye pa 1 Timoteo 1:5 Paulo akunena kumene chiphunzitso choona chimalinga: chikondi chochokera mumtima woyera, m'chikumbumtima chabwino ndi m'chikhulupiriro chopanda chinyengo. Cholinga ndi chimodzi, chikondi. Zitatu zinazo ndi kumene chikondicho chimatumphukira.

Pa zitatuzi, chikumbumtima ndi chimene chimatisokoneza kwambiri. Munthu amati, "Ine mtima wanga sukunditsutsa," n'kuona ngati nkhani yatha. Komatu chikumbumtima chimaweruza potengera zimene chinaphunzitsidwa. Chili ngati sikelo: ikasokonekera imaperekabe yankho, ndipo woyezayo sadziwa kuti yanama. Paulo yemweyo anauza mfumu Agripa kuti nthawi imene ankazunza Akhristu ankakhulupirira kuti ndi zimene amayenera kuchita (Machitidwe 26:9). N'chifukwa chake pa 1 Akorinto 4:4 akuti ngakhale sakudziwa kanthu komutsutsa, zimenezo sizimusandutsa wolungama, pakuti womuweruza ndi Ambuye.

Pali chinthu chimene ambiri sachiona pa 1 Timoteo 4:2-3. Paulo akutchula aphunzitsi amene chikumbumtima chawo chinapsa ngati chowotchedwa ndi chitsulo chamoto. Tikamva zimenezi timaganiza za anthu otayirira, ololeza chilichonse. Werengani bwino vesi 3: anthuwo ankaletsa ukwati ndi zakudya zina. Anali okhwimitsa malamulo! Choncho kuchuluka kwa zoletsa mumpingo si umboni wakuti anthu ake ali ndi chikumbumtima chamoyo. Ndimamva chisoni ndikaona Mkhristu amene amanjenjemera pa timalamulo tating'onoting'ono ta anthu, koma akhoza kum'mana wantchito wake malipiro n'kugona tulo tabwino. Ameneyo anaphunzitsidwa ndithu, koma anaphunzitsidwa kuopa zosayenera kuopedwa.

Ku Korinto vuto linali la mtundu wina. Ena ankadziwa kuti fano si kanthu, motero ankadya nyama yoperekedwa nsembe kwa mafano mosavutika mumtima. Pa nzeru sanalakwe. Koma abale ena, amene anali atangosiya kumene kupembedza mafano, ankapunthwa poona zimenezo. Paulo sanawayamikire odziwawo. Anati nzeru zimatukumula munthu koma chikondi chimamanga, ndipo iye anali wokonzeka kusiyiratu nyama kuti mbale wake asagwe (1 Akorinto 8). Chiphunzitso cholondola chimene sichinafike pomuganizira mnzako chathera panjira.

Chikhulupiriro nacho chimayenda limodzi ndi chikumbumtima. Himenayo ndi Alekizanda anayamba n'kukankhira kumbali chikumbumtima, kenako chikhulupiriro chawo chinasweka (1 Timoteo 1:19-20). Kawirikawiri munthu sasiya kukhulupirira chifukwa chogonja pa mtsutso. Amazolowera tchimo limene sakufuna kulisiya, ndipo pambuyo pake amapeza zifukwa zokayikira Mulungu.

Aphunzitsi akale ankazidziwa bwino zimenezi. Cha m'ma 400, dikoni wina wa ku Carthage dzina lake Deogratias anadandaulira Augustine, bishopu wa ku Hippo, kuti maphunziro amene ankapereka kwa ongolowa kumene m'Chikhristu ankamutopetsa ngakhale iye mwini. Pomuyankha, Augustine anatsamira pa vesi lija la 1 Timoteo 1:5. Anamulangiza kuti chilichonse chimene akufotokoza achifotokoze mwakuti womvayo pakumva akhulupirire, pokhulupirira ayembekeze, poyembekeza akonde. Anafika pomuuza kuti akaona wophunzira watopa ndi kuimirira, am'patse mpando. Kwa Augustine, mmene mphunzitsi amachitira ndi wophunzira linali gawo la phunzirolo.

Katekisimu wa Heidelberg wa mu 1563 amaonetsa zomwezo m'kasanjidwe kake. Mafunso ake 129 anagawidwa patatu: tsoka la munthu, chipulumutso chake, ndi kuthokoza. Malamulo Khumi anafotokozedwa m'gawo lachitatulo, pambuyo pa chipulumutso, kuti wophunzira awasunge monga munthu woyamika amene wakhululukidwa kale. Ine ndimalangiza aphunzitsi a kalasi kutsata dongosolo lomweli. Akafika pa lamulo lakuti usabe, asamangofunsa kuti ndi lachingati. Afunse ngati pali ngongole imene wophunzirayo akuizemba, ndipo sabata yotsatira afunsenso ngati wapita kukaonana ndi mwini ndalamayo.