Madzi a m'thumba akatuwa, musadikire mawa

Ndatopa kumva mawu akuti "adokotala, timati asintha okha." Ngati mukutsuka magazi kudzera m'mimba chifukwa impso zinaleka kugwira ntchito, yang'anani thumba lililonse la madzi amene mwatulutsa m'mimbamo. Madziwo azioneka mbee, moti mutha kuwerenga zilembo kuseri kwa thumba. Akatuwa ngati madzi otsukira mpunga, majeremusi alowa, ngakhale m'mimba musanayambe kupweteka. Bwerani kuchipatala tsiku lomwelo, thumbalo lili m'manja, tikayeze.

Ndimaumirira chonchi chifukwa chimene chimasefa zoipa ndi kakhungu kopyapyala kokuta matumbo anu, ndipo kakawonongeka palibe kena koikapo. Shuga wa m'madzi amene mumathira kanayi patsiku, pafupifupi malita 2 nthawi iliyonse, amakakhuthalitsa pang'onopang'ono, ndipo matenda akalowa amasiyapo zipsera. Pakapita zaka madzi otuluka amachepa, miyendo imatupa, BP imakwera, munthu amabanika. Zikafika apo wodwala amayenera kusamukira ku makina otsukira magazi, pomwe makina a ku Kamuzu Central ndi ku Queens ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi owafuna.

Mayi wina sandichoka m'maganizo. Ankasamba m'manja bwino, kachubu kake kolowetsera ndi kutulutsira madzi m'mimba kali kaukhondo, akuchita geni yake osavutika. Madzi atatuwa, achibale anamugulira makapisozi pagolosale, wina n'kubweretsanso botolo la zitsamba "zotsuka impso". Pofika kwa ife m'mimba munali mutauma gwa, akubuula ngakhale kungomukhudza. Mankhwala amene timathira m'thumba momwemo kwa milungu iwiri kapena itatu akanamuthandiza akanafulumira. Tinachotsa kachubu, ndipo sanabwererenso kunjira imeneyi. Zimandiwawabe.

Pali zinanso. Shuga uja amanenepetsa ndi kukweza shuga wa m'magazi. Kulemera kwa madzi kumatha kukankhira matumbo pamchombo. Mapuloteni amatayikira m'thumba, n'chifukwa chake timakukakamizani mazira ndi nkhuku. Kudzimbidwa kumasuntha kachubu. Amene mwadutsa zaka 5, mukayamba kusanza pafupipafupi ndi kuwonda mutiuze msanga, chifukwa mwa anthu ochepa kakhungu kaja kamauma n'kumanga matumbo.

Kamkodzo kamene mukadali nako n'kamtengo wapatali, kamatalikitsa zaka zanu panjira imeneyi. Mankhwala opha ululu monga Brufen, diclofenac ndi Indocid amakatha, zitsamba zosadziwika nazonso chimodzimodzi. Aliyense wokulonjezani kuti adzutsa impso zimene zinafa kale akungofuna ndalama zanu, ndipo chonde musasiye kuthira madzi ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha iye.